SITOLO IKAGWA, WOLIPIRIRATU NDIYE WOTSIRIZA KUGAWIRIDWA

Ndi chizolowezi cha antchito a Boma ndi aphunzitsi ambiri m'dziko muno kugula katundu wamkulu pang'onopang'ono. Pakuti malipiro a mwezi umodzi sakwanira kugula malata a nyumba, njinga kapena makina osokera, munthu amapita kwa mwini sitolo, napereka gawo la mtengo, nalonjeza kudzatsiriza pakutha pa miyezi itatu kapena inayi. Ndipo katunduyo amatsala m'sitolo kufikira tambala yotsiriza italipidwa. Chizolowezi chimenechi nchabwino, chifukwa chiphunzitsa munthu kudziletsa. Koma lilipo funso limene ogula ambiri sadzifunsa: nanga tsiku lina akapeza loko pachitseko ndi chikalata cha khoti pazenera, ndalama zawo adzazifunsa kwa yani?

Funsoli si lopanda pake ayi. Masitolo a Peoples Trading Centre, odziwika ndi dzina lakuti PTC, anagulitsa malonda m'maboma ambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo panalibe woganiza kuti angadzathe. Koma m'chaka cha 2022 a Press Corporation anagulitsa kampaniyo, ndipo chaka chomwecho chisanathe Khoti Lalikulu linalamula kuti itsekedwe chifukwa cha ngongole. Ngati kampani yaikulu yotere inagwa, sitolo yaing'ono ya pafupi ndi msika ikhozanso kugwa.

Chimene wogula ayenera kumvetsa choyamba ndi ichi: munthu amene walipira katundu asanamlandire, pamaso pa lamulo wakongoza sitoloyo ndalama, ndipo wakongoza popanda chikole. Kampani ikalephera kubweza ngongole zake, chuma chake chonse chimaperekedwa m'manja mwa munthu wosankhidwa, amene a zamalamulo amamutcha liquidator. Ntchito yake ndiyo kusonkhanitsa ndi kugulitsa katundu wotsala, ndi kugawa ndalamazo monga mwa dongosolo la lamulo. Patsogolo pamakhala mabanki amene anagwira chikole, zolipira ntchito yotseka kampaniyo, ndi ngongole zina zimene lamulo lazipatsa malo oyamba, monga malipiro a antchito. Onsewa akalandira, zotsalazo ndizo zigawidwa kwa khamu la opanda chikole, ndipo mphunzitsi uja wa malata ali m'khamu limenelo. Kawirikawiri mphika umafika kwa iwo utatsala makoko okhaokha.

Chitsanzo chowawa cha zimenezi chinaoneka ku Britain. Kumeneko kunali kampani yotchedwa Farepak, imene anthu opeza pang'ono ankapatsa ndalama mwezi ndi mwezi kuti pofika Khirisimasi adzalandire zakudya ndi mphatso za ana awo. M'mwezi wa Okutobala 2006, patangotsala miyezi iwiri kuti chikondwererocho chifike, kampaniyo inagwa. Anthu oposa 100,000 anataya ndalama zonse pamodzi zokwana pafupifupi mapaundi 37 miliyoni. Iwo ankayesa kuti akusunga chuma chawo, osadziwa kuti ndalamazo zinkalowa m'thumba limodzi ndi za kampani. Anadikira kufikira 2012, ndipo pamapeto pake, pophatikiza ndi thandizo la anthu achifundo, analandira pafupifupi theka lokha la zimene anapereka.

Komatu wogula asataye mtima ndi kukhala pansi, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Poyamba, asunge lisiti ndi pangano lililonse lolembedwa; wopanda chikalata alibe pogwira. Chachiwiri, afunse dzina la liquidator, limene limalengezedwa m'nyuzipepala, ndipo amlembere msanga kalata yofotokoza ndalama zimene anapereka ndi masiku ake, chifukwa wosalembetsa ngongole yake sawerengedwa pa tsiku logawa. Chachitatu, ngati anatsiriza kulipira, ndipo katunduyo anapatulidwa pambali ndi kulembedwa dzina lake, ali ndi chifukwa champhamvu chonenera kuti katunduyo ndi wake kale, si wa kampani ayi, nafunse kuti amtenge. Chachinayi, amene analipira ndi khadi la Visa kapena Mastercard apite ku banki yake osachedwa, pakuti ilipo njira yobwezera ndalama za katundu wosafika, koma masiku ake ngowerengeka.

Pali kulakwa kwina kumene kuyenera kupewedwa. Munthu amene anatenga kale katundu pa ngongole, namalipira mwezi ndi mwezi, asaganize kuti ngongoleyo yafa pamodzi ndi sitolo. Ngongole yotere ndi gawo la chuma cha kampani, ndipo liquidator ali ndi mphamvu yoitolera, ngakhale kudzera ku khoti. Wanzeru afunse kumene ayenera kukalipira tsopano, nasunge lisiti la kobiri lililonse.

Boma la dziko lino silinagone pa nkhani imeneyi. Lilipo lamulo loteteza ogula la 2003, liliponso lamulo la 2016 loyendetsa za anthu ndi makampani olephera kubweza ngongole, limene linatsegula njira yoyesera kupulumutsa kampani isanatsekedwe. Liliponso bungwe la CFTC lolandira madandaulo a ogula. Zonsezi nzoyamikika. Koma bungwe lingalange wamalonda amene akali ndi chuma. Silingathe kutulutsa ndalama m'bokosi lopanda kanthu. Chifukwa chake chitetezo chenicheni chiyenera kukhalapo sitolo isanagwe.

Maiko ena anaonetsa njira. Ku South Africa, lamulo loteteza ogula la 2008 limanena kuti ndalama zimene munthu akupereka pang'onopang'ono, katundu ali m'sitolo, zikhala zake za wogulayo kufikira katunduyo ataperekedwa m'manja mwake. Ku Britain, lamulo la 1974 limati munthu akagula chinthu cha mtengo wopitirira mapaundi 100, osaposa 30,000, ndi khadi la ngongole, banki imasenza mlandu pamodzi ndi sitolo. Kungakhale kwanzeru kuti Nyumba ya Malamulo ilingalire zokakamiza wamalonda aliyense wolandira ndalama zolipiriratu kuti azizisunga m'buku la ku banki lapadera, losasakanizika ndi la malonda ake. Amalonda ena adzadandaula kuti ndalama zimenezo ndizo amaodera katundu, ndipo dandaulo lawo likumveka. Koma wamalonda wofuna mpamba apite ku banki, imene idziwa kuyesa ngati ali wokhoza kubweza; si chilungamo kuti mpamba wake ukhale thukuta la kalaliki amene sanauzidwe nkomwe kuti akukongoza.

Kufikira lamulo lotere litakhazikitsidwa, wantchito wa Boma ndi mphunzitsi achita bwino kusunga ndalama zawo ku banki kapena ku SACCO yawo, ndi kupita kusitolo zitakwana, kuti alipire ndi kunyamula katundu tsiku lomwelo. Akulu akale anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Malata amene ali m'nyumba yosungira katundu ya munthu wina sanafike padenga.