Mlendo ndi mame, koma mlandu umatsala pamudzi

Akuluakulu anatisiyira miyambi iwiri yonena za mlendo. Wina umati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, wina umati mlendo ndi mame. Yonse iwiri ikugwira pa zomwe zimachitika ku America sukulu zikatsekera m'nyengo yotentha, pamene ophunzira zamalamulo amatumizidwa kumidzi kukathandiza anthu osauka pa milandu yawo.

Ndondomekoyi imatchedwa Rural Summer Legal Corps ndipo inayamba mu 2016. Amaiyendetsa ndi mabungwe a Equal Justice Works ndi Legal Services Corporation. Lachiwirili linakhazikitsidwa ndi Nyumba ya Malamulo ya dzikolo mu 1974 kuti lizipereka ndalama kwa maloya othandiza amphawi. Wophunzira amakhala masabata 8 mpaka 10 pa ofesi ya maloyawa, n'kumalandira kangachepe. Ntchito yake ndi kumva madandaulo, kufufuza zomwe lamulo likunena ndi kulemba zikalata, loya weniweni akumuyang'anira.

Nanga dziko la maloya ochuluka chonchi lasowa chiyani? Nkhani yagona pa mtundu wa mlandu. Chichokereni chigamulo cha khoti lalikulu pa mlandu wa Gideon ndi Wainwright mu 1963, wosauka akamaimbidwa mlandu waukulu waupandu boma limamupatsa loya. Koma malamulo oyendetsera dzikolo salonjeza loya kwa mayi amene mwini nyumba akumutulutsa, kwa bambo amene kampani ya ngongole yamusumira, kapena kwa mkazi wofuna kuti khoti liletse mwamuna wankhanza kumuyandikira. Lipoti la Legal Services Corporation la 2022 linapeza kuti pa mavuto 100 aakulu a mtundu umenewu omwe osauka amakumana nawo, 92 sapeza thandizo la loya, kapena amapeza losakwanira. Kumidzi ndiye zanyanya. Bungwe la American Bar Association linanena mu 2020 kuti m'maboma pafupifupi 40 mwa 100 aliwonse a dzikolo, anthu 1,000 sakwanitsa kukhala ndi loya ngakhale mmodzi.

Apa m'pamene kalumo ka mlendo kamaonekera. Ife timati mlandu suola, koma ku khoti umaola ndithu. Chisamani chimabwera ndi tsiku lake, ndipo ukalephera kuyankha kapena kufika, woweruza amagamula mokomera wodandaula iwe kulibe. Bungwe la Pew Charitable Trusts linapeza mu 2020 kuti m'makhoti omwe anaunikidwa, milandu ya ngongole yoposa 70 mwa 100 inatha chonchi. Zikatero malipiro a munthu angayambe kudulidwa iye asanatsekule n'komwe pakamwa. Mwana wasukulu amene angawerengere munthu chisamani, kumuuza tsiku lomaliza kuyankha ndi kumuthandiza kulemba yankho, wapulumutsa banja. Amene amanyoza ntchitoyi kuti ndi masanje sanagwirepo pepala la khoti lomwe sakulimva.

Komabe dzuwa likatuluka mame amakamuka. Mu Ogasiti wophunzira amalongedza katundu n'kubwerera m'kalasi, mlandu uli pakati. Kum'mwera kwa America kuli mabanja ambiri a anthu akuda omwe minda yawo inadutsa mibadwo popanda wilu, moti lero munda umodzi eni ake ndi adzukulu ndi zidzukulutudzi makumimakumi. Kulongosola zoterezi kumadya zaka. Agogo amene anafotokoza chinsinsi cha banja lawo kwa mtsikana wa chaka chino, chaka chamawa adzapeza mnyamata wina, n'kuyambanso kufotokoza pachiyambi. Tisaiwalenso kuti loya wokhazikika, yemwe ntchito inamuchulukira kale, ndi amene amasiya mafayilo ake kuti aphunzitse mlendoyo. Pakapanda iyeyo, kalumo kaja kangateme munthu amene kamati kamumete.

N'chifukwa chake ine sindiyeza ndondomeko ngati iyi ndi chiwerengero cha anthu omwe athandizidwa pa tchuthi chimodzi. Funso langa ndi lakuti: mwa ophunzirawa, ndi angati amabwerera akamaliza sukulu? Ambiri amatuluka ndi ngongole yaikulu ya fizi, ndipo ndalama zoibwezera zili m'tauni. Boma la South Dakota linazindikira zimenezi. Mu 2013 linayamba kulipira loya ndalama yapadera chaka chilichonse ngati wavomera kukhala zaka 5 m'dera lomwe anthu ake sapitirira 10,000. Tchuthi cha kumudzi chingathe kum'patsa wophunzira chilakolako, koma womusunga kumeneko ndi malipiro.

Kwathu kuno vutoli sitikulimvera m'maluwa. Maloya athu ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi mlandu, koma mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa adzauzidwa ndi ndani, nanga adzamulembera ndani zikalata? Legal Aid Bureau, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2015, singathe kufika paliponse.

Inu akuluakulu a sukulu za malamulo, kuyambira ku Zomba, tumizani ophunzira anu m'maboma pa tchuthi, ndipo muwapatse ya thiransipoti ndi ya chakudya kuti ngakhale mwana wa mlimi athe kupita. Koma musawatumize kumene kulibe loya wowayang'anira, ndipo fayilo iliyonse imene wophunzira watsekula ikhale ndi dzina la munthu wokhazikika amene adzaimalize.