Za Makaseti a Vidiyo Amene Tinasunga m'Mabokosi



Mwezi uno ndifuna kucheza nanu za kanthu kakang'ono kamene ambiri a inu munakasunga pansi pa bokosi la zovala, pamodzi ndi kalata ya ubatizo ndi nsalu ya pa ukwati. Ndiri kunena kakaseti ka vidiyo, kaja kokulirapo pang'ono pa bokosi la machesi, kamene munakalandira kwa wojambula, kapena kamene mwana wanu wa ku Joni anakasiya pobwerera ku ntchito. Inu muyesa kuti m'menemo muli chuma chosungika. Chuma chirimodi, pakuti muli nkhope ndi mau a anthu amene ena a iwo tinawaika kale m'manda. Koma kusungika kwache ndiko ndiri kukaikira, ndipo ndikupemphani kuti mumve zifukwa zache.

Wailesi ya kanema ya Television Malawi inayamba kuulutsa m'chaka cha 1999. Koma isanayambe, anthu a ku Blantyre ndi ku Limbe anali kuonera kale vidiyo pa makaseti akuluakulu a VHS, amene kampani ya JVC ya ku Japan inatulutsa m'chaka cha 1976. Pambuyo pache anadza aang'ono olowa m'kamera ya m'manja: Video8 m'chaka cha 1985, ndi Hi8 m'chaka cha 1989. Onsewa anali ndi chilema chimodzi: pokopera chithunzi pa kaseti yina, chinali kuzilala, monga nkhani yoyenda pakamwa isanduka ikafika kwa munthu wachitatu.

Tsono m'chaka cha 1995 kunatuluka njira yatsopano yochedwa DV, imene makampani ambiri, monga Sony, Panasonic ndi JVC, anapangana kuitsata. M'njira imeneyi kamera isandutsa chithunzi ndi mau kukhala manambala, nilemba manambalawo pa tepi. Nambala siizilala. Mukalemba kuti ng'ombe ziri 47, wokopera alembanso 47, ngakhale akopere kakhumi. Ndicho chifukwa chache ojambula maukwati, maubatizo ndi miyambo ya kudzoza ansembe anaikonda njirayi m'zaka zotsatira.

Makaseti a manambala olowa m'makamera a pa nyumba ali a mitundu inai, ndipo kuyenera kuti mudziwe wanu ndi uti.

Woyamba ndi MiniDV, umene unafala koposa yonse. Tepi yache ndi yopapatiza, ya mamilimita 6.35, ndipo kaseti yozolowereka ijambula mphindi 60. Koma wojambula akasankha liwiro lochedwa LP, ifika mphindi 90.

Wachiwiri ndi Digital8, wa Sony, wa m'chaka cha 1999. Uwu ulemba manambala omwewo, koma pa kaseti ya msinkhu wa Hi8. Ena a makamera ache ali ndi ubwino uwu, kuti akhoza kuwerenganso makaseti akale a Video8 ndi Hi8.

Wachitatu ndi MicroMV, wa Sony yemweyo, wa m'chaka cha 2001. Kaseti yache ndi yaing'ono koposa zonse; makampani ena sanautsate, ndipo patapita zaka zowerengeka unalekeka.

Wachinai ndi HDV, wa m'chaka cha 2003, wa chithunzi chooneka bwino koposa. Ugwiritsa kaseti yomweyo ya MiniDV, koma kamera wamba ya MiniDV siikhoza kuuwerenga.

Taonani tsono, dzina lolembedwa pa kaseti silinena zonse. Kaseti yolembedwa Hi8 ikhoza kukhala ndi Digital8 m'kati, ndipo yolembedwa MiniDV ikhoza kukhala ndi HDV. Palinso china: makamera ogulidwa kuno ndi ku South Africa atsata dongosolo la PAL, pamene a ku America ndi ku Japan atsata la NTSC, ndipo kamera ya dongosolo limodzi kawirikawiri ikana kaseti ya linzache. Chotero munthu akakuuzani kuti kaseti yanu iri yopanda kanthu, musafulumire kuitaya, iai. Kapena makina ache ndiwo ali osayenera.

Adani a kaseti ali awiri. Woyamba ndiye nyengo ya dziko lathu. M'kati mwa kamera ya MiniDV muli kang'oma kachitsulo kozungulira nthawi 9000 pa mphindi imodzi, kamene kalemba timizere topingasa pa tepi, toonda koposa tsitsi la munthu. Kafumbi kamodzi kapena kachuku kang'ono kakwanira kuphimba timizere tambiri. Tsono ganizani za bokosi lokhala pansi pa dothi dzinja lonse, ndi chinyontho cha chiperoni cha mwezi wa Juni ndi Julaye, ndi kutentha kwa malata m'mwezi wa Okutobala. Kaseti ya VHS inali kukalamba poyera, chithunzi chiri kuchita mchenga pang'ono pang'ono, mwini nachenjera. Ya manambala siitero: lero ionetsa bwino, ndipo tsiku lina nkhope ya mkwatibwi isweka kukhala timabokosi, mau naduka pakati pa lumbiro. Ndipo ife a kuno ku Manja ndi anansi athu a ku Chilobwe tidziwa zimene matope a ku phiri la Soche anachita pa namondwe Freddy m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023. Tinalira anthu koposa katundu. Koma mabanja amene anataya anthu pamodzi ndi zithunzi zao anatsala opanda chakuonetsa ana.

Mdani wachiwiri aopsa koposa woyamba, ndiye kutha kwa makina. Kaseti yopanda makina ifanana ndi nkhokwe yodzala imene palibe wokhoza kuitsegula. Kampani ya Funai ya ku Japan, yotsiriza kupanga makina a VHS, inaleka m'chaka cha 2016. Makamera a MiniDV ndi a Digital8 nawonso analeka kupangidwa, pakuti anthu tsopano ajambula ndi mafoni. Amene atsala ali akale. Malamba ao ali kuuma, ndipo zipangizo zokonzera ziri kusowa. Ngakhale chingwe cholumikiza kamera ndi kompyuta, chochedwa FireWire kapena i.LINK, makompyuta atsopano alibe polowetsa pache. Chaka chiri chonse makina amoyo ali kuchepa. Akulu anati, zengerezu adalinda kwaukwau.

Nanga tichitenji? Mverani malangizo awa.

Choyamba, turutsani makaseti onse lero. Pambali pa kaseti ya MiniDV pali kachotsekera kakang'ono. Kakankhireni ku mbali yolembedwa SAVE, kuti wina asajambulepo zina mosadziwa. Yang'anani pa kawindo kache: mukaona zoyera ngati ufa pa tepi, chimenecho ndi chuku. Musaiike m'kamera, pakuti iipitsa makina ndi makaseti onse otsatira. Muipatule, ndipo mumuuze mmisiri poyamba.

Chachiwiri, muwaimike chiriri monga mabuku, pa malo okwera, ouma ndi ozizira, kutali ndi moto, ndi dzuwa, ndi masipika a wailesi, pakuti m'masipika muli maginito, ndipo maginito afafaniza zolembedwa pa tepi.

Chachitatu, ngati kamera imene inajambula ikali ndi moyo, muisamale ngati mbeu. Makamaka makaseti ojambulidwa pa LP amvana bwino ndi kamera yao yokha. Ngati ukwati wanu munaulandira pa DVD kapena pa VHS, kafunseni wojambulayo ngati kaseti yoyamba akali nayo, pakuti imeneyo ndiyo yooneka bwino koposa.

Chachinai, popita kwa wokopera m'tauni, mufunse ngati akopera ndi chingwe cha FireWire. Pakuti njira imeneyo isamutsa manambala onse monga ali, osataya kanthu. Ntchitoyi siithamangitsidwa: tepi ya ora limodzi itenga ora lathunthu, ndipo idzaza malo okwana 13 GB. DVD wamba ilandira 4.7 GB yokha. Chotero wokupatsani DVD wayamba wafinya chithunzicho, ndipo WhatsApp ifinya koposa apo. Izi nzabwino potumizira abale, koma inu mupemphe kuti akupatseninso chokopera chathunthu. Muonere pamodzi naye musanalipire, ndipo kaseti yanu mubwere nayo ku nyumba.

Chachisanu, musasunge pa malo amodzi. Fulashi itayika, foni ibedwa, DVD ikandika. Chimodzi chikhale kwanu, china kwa mlongo wanu wa ku mudzi wina, china kwa mwana wa kutali. Ngati ndalama ziri zochepa, mabanja a m'mphakati umodzi akhoza kusonkherana ndi kutuma munthu mmodzi wokhulupirika. Ndipo yambani ndi kaseti imene muli anthu omwalira.

Chotsiriza sichifuna ndalama konse. Mukakopera, itanani agogo ndi azakhali, mukhale pansi pamodzi ndi ana, muonere. Mwana mmodzi wa sukulu agwire kope ndi pensulo, alembe chaka, ndi malo, ndi maina a onse ooneka: uyu ndiye nkhoswe, uyo ndiye malume wa ku Chiradzulu, mai wotsogolera nyimboyo ndiye anabala atate ako. Pakuti chithunzi chingapulumuke bwanji, akatha okalamba odziwa maina, adzukulu adzaona khamu la alendo ovina, osadziwa kuti ali kupenya mtundu wao.

Mulungu asunge mabanja anu onse.

Ndine mphunzitsi wanu,
wa ku Manja.