Miyendo, Mimba ndi Thumba ku Istanbul

Masiku ano dzina la Turkey silichoka pakamwa m'misika yathu. Madiresi a ku Turkey, masuti a ku Turkey, makatani a ku Turkey. Ena mwa abale ndi alongo athu amapita okha kukaoda katunduyu ku Laleli, dera la mumzinda wa Istanbul lodzaza ndi masitolo opikulitsa zovala. Chomwe chimatimvetsa chisoni n'chakuti ambiri amabwerako atangoona mashopu ndi chipinda chogona basi. Mukawafunsa amati kuona malo n'kwa anthu olemera. Komatu kuchoka pa Laleli kukafika pa Hagia Sophia ndi ulendo wapansi wa theka la ola.

Ndiye mwezi uno tikambirane za munthu amene wafika mumzindawu koyamba, ali ndi masiku awiri kapena atatu, ndalama zake zili zowerengeka. Istanbul si likulu la dziko; likulu ndi Ankara kuyambira mu 1923. Koma ndiwo mzinda waukulu, wa anthu oposa 15 miliyoni, ndipo wakhala tsidya ndi tsidya la kanyanja kopapatiza kotchedwa Bosphorus, mbali ina ku Ulaya, ina ku Asia. Poyamba unkatchedwa Byzantium, kenako Constantinople. Mwayi wa mlendo ngwakuti zakale zambiri zinaunjikana dera limodzi, lozunguliridwa ndi madzi mbali zitatu, lomwe munthu atha kuliyenda wapansi.

Ndalama zimayamba kuthawa pa bwalo la ndege. Bwalo latsopano, lomwe linatsegulidwa mu 2018, lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku mzinda wakale, ndipo munthu wotopa, wosadziwa chinenero, amangolowa m'takisi yoyamba kuiona. Tisatero. Pabwalo pomwepo pali makina ogulitsa khadi lotchedwa Istanbulkart. Timaikamo ndalama ngati mmene timachitira ndi mayunitsi a foni, ndipo khadi lomwelo limalipira sitima yapansi panthaka, basi, tram, sitima zapamadzi, ngakhalenso zimbudzi zina za mumzinda. Sitima ya M11 imatifikitsa ku Gayrettepe, pomwe timatsika n'kukwera ya M2 mpaka pa Vezneciler, pafupi ndi Laleli. Amene ali ndi zikwama zolemera angakonde mabasi a Havaist, chifukwa posintha sitima pali kamtunda ndithu. Pabwalo tisinthe ndalama zochepa chabe, zina tikasinthire mumzinda. Ndalama yawo, lira, yakhala ikugwa mphamvu kwa zaka zingapo, choncho mtengo womwe mnzathu anatiuza chaka chatha tisaudalire.

Nthawi ya kumeneko ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi lokha, ndiye kagonedwe sikasokonezeka kwenikweni. Chimene chimavuta ndi miyendo. Takhala mu ndege maola ambiri, mapazi atupa, mawa lake tikufuna kumaliza mzinda womwe uli pa zitunda, wa misewu yoyalidwa miyala. Nsapato zatsopano zogula dzulo zikhale kaye m'chikwama. Tivale zakale zomwe zinazolowera phazi, zosavuta kuvula, pakuti pa khomo la mzikiti uliwonse tizivula. Odwala shuga aziyang'ana mapazi awo madzulo aliwonse. Kwa iwo thuza laling'ono litha kusanduka chilonda chosapola msanga. Madzi apampopi amathiridwa mankhwala, komabe eni mzinda ambiri amamwa am'mabotolo. Chigubu cha malita 5 cha m'masitolo otchipa monga BİM, A101 kapena Şok chimatisungira ndalama kusiyana n'kumagula timabotolo pafupi ndi malo oonera alendo. M'mawa timangothira m'botolo lathu n'kumapita.

Tsiku loyamba litha kutha osalipira pakhomo paliponse. Kuchoka pa Laleli kutsatira njanji ya tram ya T1 kulowera ku Sultanahmet, timadutsa pa Çemberlitaş, pomwe pali chipilala chakuda chomangidwa ndi malamba achitsulo. Chinaimikidwa mu 330, chaka chomwe mfumu Constantine anapatulira mzindawu kukhala likulu lake latsopano. Inde, ndi Constantine yemwe uja wa lamulo la mu 321 lopumula tsiku la dzuwa, yemwe timamva dzina lake m'maphunziro a Baibulo. Anthu amangodutsa, nkhunda zili yakaliyakali pansi pake. Patsogolo pang'ono pali bwalo lomwe kale linali la mipikisano ya magaleta a akavalo. Pakati pake paima mwala wosongoka wa Farao Thutmose III, wosemedwa ku Igupto zaka pafupifupi 1,450 Yesu asanabadwe, womwe mfumu Theodosius anauimika pamenepo mu 390. Zolemba zake zikuonekabe bwinobwino ngati zasemedwa chaka chatha. Kuona zonsezi n'kwaulere.

N'kwaulerenso kulowa mu mzikiti wa Sultan Ahmed, womwe alendo amautcha Blue Mosque chifukwa cha matailosi obiriwira ngati thambo oposa 20,000 omwe anakuta makoma amkati. Unayamba kumangidwa mu 1609 ndipo uli ndi nsanja 6. Iyi ndi nyumba yopemphereramo anzathu achisilamu, ndiye timalowa mwaulemu: mapewa ndi mawondo zikhale zophimbidwa, amayi afunde kumutu. Apa chitenje chathu chimagwira ntchito ziwiri, duku kapena chovindikira miyendo. Nthawi ya mapemphero alendo amadikira panja, ndipo Lachisanu salola kulowa mpaka mapemphero a masana atatha.

Moyang'anizana nawo ndi pomwe pali Hagia Sophia, ndipo apa mpomwe thumba liyenera kuganiza. Nyumbayi inamalizidwa mu 537 mu ulamuliro wa Justinian, itamangidwa zaka zosakwana 6, ndipo kwa zaka mazana ambiri panalibe tchalitchi china chachikulu kuposa icho. Denga lake lozungulira lili pamwamba mamita oposa 50. Mehmed II atalanda mzindawu mu 1453 inasanduka mzikiti, mu 1935 inatsegulidwa ngati nyumba yosungira zakale, ndipo mu 2020 inabwereranso kukhala mzikiti. Kuyambira Januwale 2024 alendo akunja anayamba kulipira 25 euro, ndipo amalowa ku khonde lam'mwamba lokha, komwe kuli zithunzi zakale zopangidwa ndi timiyala tonyezimira. Ndi ndalama zambiri kwa munthu wosintha kwacha. Maganizo athu ndi awa: ngati thumba likulola khomo limodzi lokha lolipira, likhale limeneli, chifukwa nyumba ya zaka pafupifupi 1,500 yomwe ikugwirabe ntchito sitidzaipeza kwina mosavuta. Nyumba yachifumu ya Topkapı ndi yokongola, koma imadya tsiku lonse ndi ndalama zochuluka, ndipo Lachiwiri imakhala yotseka. Nkhokwe ya madzi yapansi panthaka yotchedwa Basilica Cistern, ya nsanamira 336, ndi ya theka la ola basi; tingaisiyire ulendo wina.

Okonda Baibulo ali ndi khomo lina lowakopa. Ku Istanbul Archaeology Museums, pafupi ndi paki ya Gülhane, kumasungidwa mwala wolembedwa wochokera mu ngalande ya Siloamu ku Yerusalemu, ngalande yomwe ambiri amati ndi ya mfumu Hezekiya yotchulidwa pa 2 Mafumu 20:20. Kulinso mwala wa m'kachisi wa Herode wochenjeza anthu a mitundu ina kuti asapyole malire, nkhani yomwe imatithandiza kumvetsa chipolowe chomwe chinagwera Paulo pa Machitidwe 21. Koma zipinda zina za kumeneko zimatsekedwa nthawi ndi nthawi pokonza, ndiye tifunse pakhomo tisanatulutse ndalama.

Tsopano za mimba, zomwe ife a zaumoyo sitingazilumphe. Turkey ndi dziko losavuta kwa Mwadiventi. Nyama ya nkhumba sipezeka wamba, pakuti anthu ambiri ndi Asilamu. Osadya nyama konse nawonso savutika, bola adziwe kolowa. Malo odyera oyang'ana ku Hagia Sophia, okhala ndi mnyamata woitanira pakhomo, tiwadutse. Tilowe misewu iwiri kapena itatu mkati, tifunefune chikwangwani cholembedwa lokanta, komwe amadya ogwira ntchito a mumzinda. Zakudya zimakhala poyera kuseri kwa galasi, ife timangoloza ndi chala. Pali msuzi wa mphodza wotchedwa mercimek çorbası, womwe umabwera ndi ndimu komanso buledi. Pali kuru fasulye, nyemba zoyera zophika ndi tomato, zodyera mpunga. Mwana wa ku Dedza kapena ku Ntcheu akadya zimenezi amaiwala kuti ali kutali. Pali gulu lonse la ndiwo zotchedwa zeytinyağlı, zitheba, mabiringanya kapena therere zophikidwa m'mafuta a azitona popanda nyama, zomwe amadya zozizira. M'mawa, simit, buledi wozungulira ngati nkhata wowazidwa chitowe, amagulitsidwa pa tingolo tofiira pangodya iliyonse. Ndi tomato, nkhaka ndi zipatso za m'sitolo, kadzutsa watheka. Chakumwa chawo cha ayran chili ngati chambiko chosungunula chothira kamchere. Odwala BP asachulutse.

Safunsa anadya phula. Nyemba zina amaphikamo tizidutswa ta nyama, ndipo msuzi kapena mpunga nthawi zina amauphika ndi madzi a nyama kapena a nkhuku. Mawu oti tiloweze ndi ochepa: et ndiye nyama, etsiz ndiye kuti chopanda nyama. Pamsewu tidzaona anyamata atanyamula mathireyi a zigoba zakuda ndi mandimu. Ameneyo ndi midye dolma, nkhono zam'nyanja zoikamo mpunga. Zilibe mamba kapena zipsepse, ndiye si zathu, ndipo ngakhale kwa ena chakudya chotere chokhala padzuwa tsiku lonse chimatsegula m'mimba.

Chovuta kwenikweni ndi tiyi. Anthu a ku Turkey amamwa tiyi wakuda m'timatambula ting'onoting'ono kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo kupatsa mlendo tiyi ndiwo ulemu wawo. Wogulitsa nsalu ku Laleli amaitanitsa tiyi musanayambe n'komwe kunenerera mtengo. Kukana mouma kumaoneka ngati mwano. Njira ilipo: tiike dzanja pachifuwa, tinene teşekkürler, ndiye kuti zikomo, kenako tipemphe ıhlamur kapena adaçayı, zakumwa za maluwa ndi masamba zopanda kafeini, kapena madzi chabe, omwe amati su. Chakumwa cha maapozi chomwe amakonda kupatsa alendo nthawi zambiri chimakhala ufa wa shuga wambiri. Tidziwenso kuti kumwa chomwe watipatsa si ngongole. Titha kutuluka osagula.

Anthu ake ndi ochereza, koma akathyali samasowa pomwe pali alendo. Wopolisha nsapato amagwetsa burashi dala patsogolo panu; mukamutolera amakupolishani ngati akuthokoza, kenako afuna ndalama zambiri. Wina amayamba kucheza nanu mwachikondi n'kukuitanirani kumalo omwera, komwe bilu imabwera yoti simungaikwanitse. Mu tram yodzaza chikwama chikhale kutsogolo. Amphaka ndi agalu ali paliponse ndipo anthu amawadyetsa, koma ana athu asamawagwire. Wokandidwa kapena kulumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe. Nambala ya ngozi ndi 112, ndipo sitolo ya mankhwala imalembedwa eczane.

Tsiku lachiwiri tikwere chitunda kupita ku mzikiti wa Süleymaniye, womwe mmisiri Sinan anaumanga kuyambira 1550 mpaka 1557. Kulibe mizere yaitali, kulowa n'kwaulere, ndipo kuseri kwake munthu amaona madzi, milatho ndi madenga a mzinda ali pansi. Pafupi ndi chipata chake pali malo odyera otchuka ndi nyemba zomwe zija. Tikatsika chitunda tifika pa doko la Eminönü. Pamenepo adzatiitanira maboti a alendo. Ife tikwere sitima wamba yopita ku Kadıköy kapena ku Üsküdar ndi khadi lathu lija. M'mphindi pafupifupi 20 tachoka ku Ulaya tafika ku Asia, titakhala pansi, miyendo ikupuma, mbalame zam'nyanja zikutsatira sitima. Kadıköy ndiye Chalcedon wakale, komwe kunachitikira msonkhano waukulu wa mabishopu mu 451. Tikabwerera dzuwa likulowa, nsanja za mizikiti zonse zimaoneka zitandandalika patsogolo pathu.

Masiku tiwawerenge tisanagule tikiti ya ndege. Grand Bazaar, msika wofoleredwa wa mashopu pafupifupi 4,000, umatseka Lamlungu. Kwa ife ndiye kuti zogula zonse zithe pofika Lachisanu. Kwathu tinazolowera kuti dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, koma ku Istanbul mu Juni limalowa cha m'ma 8:40 madzulo, pomwe mu Disembala limalowa isanakwane 6 koloko. Tione nthawi yake pa foni, tilipire chipinda, tiike ndalama m'khadi ndi kugula buledi, zipatso ndi madzi Lachisanu masana. Uthenga wathu unafika mumzindawu mu 1889 kudzera mwa Theodore Anthony, Mgiriki wosoka nsapato, ndipo mpaka lero okhulupirira alipo, ngakhale ndi ochepa. Tifunse adiresi ndi nthawi ya mapemphero kudzera kwa abusa athu tisananyamuke. Masana a Sabata, paki ya Gülhane ili ndi mitengo ikuluikulu ndi mabenchi, polowa salipiritsa, ndipo kumapeto kwake njira imatulukira m'mbali mwa nyanja.