Feteleza, Fodya ndi Mpweya wa Radoni

Alimi a kwa Kapelula m'boma la Kasungu amadziŵa kuti popanda feteleza fodya sakula bwino. Chimene ambiri sadziŵa n'chakuti feteleza wa fosifeti amapangidwa ndi miyala yokhala ndi yureniyamu pang'ono, mtundu wa mwala umene unayamba kukumbidwa ku Kayelekera, ku Karonga, mu 2009. Yureniyamu akamaphwanyika pang'onopang'ono m'nthaka, pamatuluka mpweya wotchedwa radoni, wosaoneka ndiponso wosanunkha.

Kodi tsono alimi aleke kuthira feteleza? Iyayi. Kumunda mphepo imamwaza mpweyawu, ndipo umene feteleza amawonjezera ngwochepa pouyerekeza ndi umene nthaka imatulutsa yokha. Mlimi woopa thumba la feteleza angodziitanira njala.

Choopsa chili pa tsamba. Tsamba la fodya lili ndi ticheya tomata, ndipo tizidutswa tochokera ku radoni timakanirira pamenepo. Mu 1964 akatswiri aŵiri a ku Harvard, Radford ndi Hunt, anapeza poloniyamu, mmodzi wa ana a radoni, mu utsi wa ndudu. Bungwe la World Health Organization limanena kuti radoni ndi wachiŵiri kwa kusuta poyambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo osuta ndiwo amagwidwa kwambiri.

Nkhalamba yopichira chingambwe pafupi ndi chigafa chake imaganiza kuti fodya wolima yokha alibe vuto. Ikudzinamiza, pakuti tsamba lake n'lomwelo. Zipinda zogona zikhale ndi mazenera otsegula, ndipo wosuta amene wakhosomola milungu iŵiri apite kuchipatala msanga.