Chidani Chimene Chinagwetsa Chitaganya

Alipo anthu anzeru, ndipo si ochepa, amene amati mtundu woponderezedwa sungadzuke pokhapokha utaphunzira kudana ndi woupondereza, ndi kuti kuleza mtima n'kwa anthu okhuta, pomwe wokhala pansi pa goli chuma chake ndi chidani basi. Ife sitifuna kuwatsutsa mothamanga, pakuti mbiri ya dziko lathu lomwe lino ili ndi umboni wowaikira kumbuyo, ndipo mkonzi wobisa umboniwo pofuna kuoneka wopembedza ndiye kuti wanamiza owerenga ake.

Pamene boma la Britain linalumikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia kukhala Chitaganya m'chaka cha 1953, makolo athu sanasowe wowauza kuti chinthucho n'choipa. Ambiri a iwo anali atayenda kale ulendo wapansi wa ku Salisbury, ku Bulawayo ndi kumigodi ya malasha ku Wankie. Anali atanyamulapo chitupa m'thumba, ataimitsidwapo pamsewu ndi wapolisi wofuna kuchiona, atagulirapo nyama pazenera mzungu akulowera pakhomo, ndiponso ataona ndi maso awo mmene lamulo la 1930 linagawira nthaka ya Southern Rhodesia, yachonde n'kugwera atsamunda ochepa. N'chifukwa chake ngakhale mu 1938, pamene bungwe la Bledisloe linadzafunsa maganizo a anthu, yankho linali kale lokana. Mafumu anawoloka nyanja kukadandaula ku London, koma pamaso pa Mfumukazi sanafike. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu, chinkana inali yodwala, inavulidwa ufumu chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma. Ndipo ku Thyolo ndi madera oyandikana nako, kumene thangata anali atawawitsa kale mitima, anthu 11 anafa pa zipolowe za chaka chomwecho cha 1953.

Tivomereze tsono, popanda kuzungulira, kuti chimene makalata aulemu analephera, chidani chinakwanitsa. Chinakhazika pamphasa imodzi Mtonga ndi Msena, Myao ndi Mngoni, Mkhristu ndi Msilamu, mphunzitsi wa ku Livingstonia ndi wothyola tiyi wa ku Mulanje, anthu amene pa nkhani zina sakanamwera chikho chimodzi. Dr. Banda atatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958, anapeza mitima itapsa kale, iye n'kungoipatsa pakamwa. Ndipo pamene bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti pa 3 Marichi 1959, khamu la anthu a ku Nkhata Bay, litamva kuti abale awo atsekeredwa m'sitima ya Mpasa, linatsikira kudoko lopanda mfuti, ndipo ngakhale linauzidwa kuti libwerere, linapitabe kutsogolo kufikira asilikali anaombera, anthu 20 n'kugona pomwepo malinga ndi lipoti la Devlin. Munthu sayenda chotero chifukwa choti wawerenga ndondomeko ya chuma. Woweruza Devlin uja, amene anawerengera anthu oposa 50 ophedwa m'dziko lonse, anauza London zimene sinafune kumva, zoti Nyasaland inali ikulamulidwa ndi ndodo ya apolisi ndi kuti anthu okana Chitaganya sanali kagulu kochepa ayi. Pa 31 Disembala 1963 Chitaganya chinaikidwa m'manda. Wonena kuti zonsezi zikanatheka ndi mitima yozizira sawadziwa atsamunda a Roy Welensky, nduna yaikulu ya Chitaganyacho.

Komabe ngakhale m'masiku aulemerero amenewo zizindikiro zinalipo kwa amene anali ndi maso. Malamulo a malimidwe, okakamiza anthu kuunda mizere yopingasa ndi kukumba milambala, ankayendetsedwa ndi chindapusa ndi ndende, ndipo anthu anali ndi chifukwa chowadera. Koma chidani sichinalekanitse nkhanza za mlangizi ndi nzeru yoteteza nthaka, chinangokokolola zonse pamodzi. M'madera ena anthu anakana katemera wa nthomba chifukwa chakuti zachipatala zinali m'manja mwa boma la Chitaganya, ngati kuti nthomba imafunsa chipani. Choopsa koposa, aliyense wokayikira, wofunsa funso, kapena wolowa chipani china, anayamba kutchedwa kapirikoni, ndipo wotchedwa dzinali nyumba yake sinkagona tulo. Atsogoleri anaziona izi, ena n'kuziombera m'manja, poganiza kuti mdani akadzapita achinyamata adzabwerera kuminda mwa iwo okha.

Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964, ndipo miyezi itatu isanathe, nduna zimene zinamenya nkhondo ya Chitaganya zinali kunja kwa boma: Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi atachotsedwa, pamodzi ndi Rose Chibambo, pomwe Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Masauko Chipembere anatula pansi maudindo okha. Mawu amene dzulo ankanenera Welensky anatembenukira kwa iwo, nyimbo zake zomwezo, oimba ake omwewo, kungosintha maina. Lamulo lotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, limene tinalitemberera m'nthawi ya Armitage, linabwerera litavala malaya athu, ndipo ndende za Dzaleka ndi Mikuyu zinalandira ana a dziko lino. Chirwa, amene anayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959 Dr. Banda ali m'ndende ku Gwelo, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Sitikunena kuti ndunazo zinali angelo. Chipembere yekha anali ndi lilime lakuthwa pa adani a chipani, ndipo chida chimene chinamupirikitsa anathandiza nawo kuchinola.

Koma ngati pali anthu amene mlandu wa chidani uyenera kuweruzidwira pamaso pawo, ndi a Mboni za Yehova, amene sanafune mpando wa munthu, sananyamule chida, ndipo tchimo lawo lonse linali kukana kugula khadi la chipani. Wowerenga wachikulire akukumbukira bwino wachinyamata wa malaya ofiira ataima pachipata cha msika kapena pakhomo la basi, dzanja lili potambasula, mayi wosenza dengu la matemba akumasula mfundo ya nsalu kufunafuna kakhadi kopindapinda kuti aloledwe kudutsa. Kwa a Mboni, amene analibe chomasula, mpingo wawo unaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anachotsedwa ntchito, kumenyedwa, kutentheredwa nyumba, mpaka zikwizikwi zinathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique. Ochita zimenezi sanali alendo ochokera kutali. Anali ana a m'midzi yomweyo, oleredwa ndi chiphunzitso chakuti wosakhala nafe ndi mdani, chiphunzitso chimene zaka khumi m'mbuyomo chinkaoneka chopatulika.

Yankho lathu kwa anthu anzeru aja nali. Mneneri Amosi analamula anthu kuti adane nacho choipa, ndipo kudana ndi thangata, chitupa ndi Chitaganya kunali kumvera lamulo limenelo, pakuti zinthuzo zinali ndi tsiku lothera, ndipo zitatha chidanicho chikanayenera kuthera pomwepo. Chimene mbiri yathu sinationetse ndi mtsogoleri wodziwa kuuza khamu kuti ntchito yatha, tulani mkwiyo pansi. Amene anakwera nawo pampando anaupeza wokoma kuusunga. Okonda kutamanda chidani amawerengera phindu la 1963 n'kutseka buku, pomwe ngongole yake inalipidwa kwa zaka 30 ndi anthu ena amene sanakongole. Ndipo tisaiwale kuti ulamuliro wa chipani chimodzi unayamba kugwedezeka ndi kalata ya maepiskopi yowerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992, yosatukwana munthu, n'kudzagwa ndi mavoti a pa 14 Juni 1993, mwini wake, Dr. Banda, n'kudzafa imfa ya ukalamba mu 1997, maliro ake n'kukhala aboma. Tikupempha a unduna wa maphunziro kuti ana athu, amene amaphunzitsidwa za Nkhata Bay monga kuyenera, aziphunzitsidwanso za Sinda Misale m'buku lomwelo.