Chichewa Chilibe Mlandu pa Kufooka kwa Chingerezi

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso zikatuluka, pamamveka nyimbo imodzi yomweyo. M'minibasi zopita ku Chilobwe, pamsika, ngakhale pamaliro pamene abambo akhala pamthunzi kudikira adzukulu, anthu ena odziyesa ophunzira kwambiri amapukusa mitu ndi kunena kuti Chingerezi chafa m'dziko muno, ndipo chimene chachipha ndi Chichewa. Iwo amati mwana wa Mmalawi amataya zaka zinayi akuphunzira m'chinenero cha kukhitchini, ndipo mankhwala ake ndi akuti mphunzitsi asatchule ndi liwu limodzi lomwe la Chichewa kuyambira tsiku limene mwana waponda pasukulu. Maganizo amenewa ndi abodza, ndipo bodza lake ndi loopsa, chifukwa likusocheretsa makolo osauka ndi kuchotsa maso a anthu pamene pali chilonda chenicheni, pakamwa ndi pacholembera cha munthu amene akukonzekera kukhala mphunzitsi.

Palibe munthu wanzeru amene angakane kuti mwana wa ku Chilobwe akufunika Chingerezi. Mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa lokha. Wolephera Chingerezi pamayeso a Fomu 4 salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi ngati katswiri. Pamene msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party unagamula m'chaka cha 1968 kuti Chichewa chikhale chinenero cha fuko, Chingerezi sichinapirikitsidwe ayi; chinakhalabe chinenero cha ntchito za boma pamodzi ndi Chichewa, ndipo m'sukulu munakhazikika dongosolo loti mwana aphunzire m'Chichewa kufika Sitandade 4, akuphunziranso Chingerezi ngati phunziro, kenaka kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse azichitika m'Chingerezi. Dongosolo limeneli ndi limene anthu aja akuliimba mlandu. Koma asanaweruze, ayambe ayang'ana kutsidya kwa malire.

Dziko la Zambia litangolandira ufulu linatenga njira imene iwo akuilakalaka: Chingerezi chokhachokha kuyambira kalasi yoyamba. Linayenda m'njira imeneyo zaka pafupifupi makumi atatu. M'zaka za m'ma 1990, katswiri wina wa ku Britain, Eddie Williams, anayesa ana a m'sukulu za boma m'maiko awiriwa kuti aone mmene amawerengera. Chimene anapeza chinadabwitsa ambiri. Ana a ku Zambia, amene anali atamva Chingerezi m'maphunziro onse kuyambira pachiyambi, sanapose ana a ku Malawi powerenga Chingerezi, pamene ana a ku Malawi anawasiya kutali anzawowo powerenga chinenero chawo. Tsono Mzambia analuza pawiri: Chingerezi sanapindule nacho kanthu, ndipo Chinyanja chake samatha kuchiwerenga bwino. Wonena kuti Chichewa ndicho chimapha Chingerezi ayenera kufotokoza chifukwa chake Chingerezi sichinaphuke kumene Chinyanja chinatsekeredwa kunja kwa kalasi.

Komabe nyimbo ija inafika mpaka ku Nyumba ya Malamulo. Lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti chinenero chophunzitsira m'sukulu chikhale Chingerezi, ndipo m'mwezi wa Marichi 2014 nduna ya maphunziro ya nthawi imeneyo, a Lucious Kanyumba, analengeza kuti zimenezi ziyambira ku Sitandade 1. Ambiri anaomba m'manja. Ndi ochepa amene anafunsa funso lapafupi: kodi Chingerezi chimenecho chidzatuluka m'kamwa mwa yani? Lamulo lingathe kusintha mawu olembedwa papepala usiku umodzi, koma silingaike m'mutu mwa mphunzitsi chinenero chimene sanachiphunzire mokwanira. Munthu sagawa ufa umene mulibe m'nkhokwe yake.

Nkhokwe imeneyi inayamba kuchepa kale, ndipo mbiri yake ndi yodziwika. M'chaka cha 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Kutsegulira ana onse chitseko cha sukulu chinali chinthu chabwino. Amene angadandaule nacho ndi wouma mtima. Koma kuti ana onsewo apeze wowayimirira kutsogolo, boma linalemba ntchito anthu pafupifupi 20,000 amene sanapiteko ku koleji ya aphunzitsi, ambiri mwa iwo ali ndi satifiketi ya Fomu 2 yokha, ndipo atawalangiza kwa masabata ochepa anawapatsa choko. Maphunziro a MIITEP amene anayamba mu 1997 anayesa kuwasula ali kale pantchito, powatengera ku koleji miyezi itatu yokha poyambirira. Anthu amenewa sayenera kunyozedwa. Anasenza katundu amene ena anamuthawa, pamalipiro ochepa, ena pansi pa mitengo. Koma choona chake ndi chakuti mwana amene anaphunzitsidwa Chingerezi chopunduka mu 1995 ndiye anadzakhala mphunzitsi patapita zaka khumi ndi zisanu, napereka kwa ana ake a m'kalasi chimene iye analandira. Pamene bungwe la SACMEQ linayesa ana a Sitandade 6 m'maiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa mu 2007, Malawi anali kumchira pa kuwerenga. Ana amenewo lero ndi akuluakulu, ndipo ena mwa iwo agwira choko. Unyolo umenewu sungaduke ndi chilengezo cha nduna. Ungaduke pamalo amodzi okha, pakhomo la koleji yophunzitsa aphunzitsi.

Anthu a ku Chilobwe safunika kupita kutali kuti aone khomo lotere. Dera la phiri la Soche lakhala likusula aphunzitsi kwa zaka zambiri. Soche Hill College inali mbali ya Yunivesite ya Malawi kufikira 1973 pamene inasamutsidwira ku Zomba ndi kuphatikizidwa mu Chancellor College, ndipo Blantyre Teachers' Training College ili m'dera lomwelo. Chimene chiyenera kufunsidwa ku makoleji onse a m'dziko muno ndi ichi: mnyamata kapena mtsikana wolowa pachipata ndi giredi yake ya Chingerezi ya Fomu 4, kodi potuluka Chingerezi chake chimakhala chitakula, kapena amangotuluka ndi maina a njira zophunzitsira?

Pajatu pali gulu lina limene nalonso likusocheretsa anthu, ndilo la amene amakhulupirira kuti njira ndiyo zonse. Njira zophunzitsira Chingerezi zabwera ndi kupita ngati mafashoni a zitenje. Kale kunali njira ya galamala ndi kumasulira, imene inatulutsa makalaliki olemba kalata yosalala koma ochita chibwibwi polankhula. Kenaka kuchokera ku America kunabwera njira yobwereza ziganizo mofuula, imene mpaka lero imamveka munthu akamadutsa pafupi ndi kalasi, ana zana limodzi akuyankha pamodzi ngati kwaya mawu amene sakudziwa tanthauzo lake. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri, potsatira maganizo a Dell Hymes, anati chinenero chiphunzitsidwe pochigwiritsa ntchito, ana azikambirana m'magulu. Stephen Krashen anadzanenetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti munthu amatola chinenero akamamva ndi kuwerenga zinthu zambiri zomveka, zopitirira pang'ono pamene iye wafika. Zonsezi ndi nzeru, ndipo wofuna kukhala mphunzitsi ayenera kuzidziwa. Koma akatswiri onsewa ankaganizira mphunzitsi amene Chingerezi ali nacho kale. Ku London mwana akatuluka m'kalasi amakumana ndi Chingerezi pamsewu ndi m'sitolo. Ku Chilobwe akatuluka amakumana ndi Chichewa pamjigo, pamsika ndi kunyumba, ndipo m'nyumba zambiri buku lokhalo ndi Baibulo kapena Korani. Kwa mwana ameneyu mphunzitsi ndiye chitsime chokhacho. Chitsime chikakhala cha matope, kusintha ndowa sikuyeretsa madzi. Wophunzira amene angathe kulemba pamayeso mfundo zisanu za Krashen koma sangathe kufotokozera ana m'Chingerezi chomveka mmene mvula imapangikira, waphunzira dzina la khasu osadziwa kulima.

Mwa akatswiri onse, amene makoleji ayenera kumumvetsera kwambiri ndi Jim Cummins wa ku Canada. Iye anasonyeza mu 1979 kuti Chingerezi chochezera ndi Chingerezi chophunzirira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chochezera, chopatsana moni ndi kufunsa mtengo wa chinthu, mwana angachitole m'zaka ziwiri. Chophunzirira, chofotokozera chifukwa, choyerekeza, chotsutsa ndi cholemba chimangirizo, chimatenga zaka zisanu kufika zisanu ndi ziwiri, ndipo zaka zimenezi anaziwerenga pakati pa ana okhala m'dziko lolankhula Chingerezi. Ananenanso kuti mwana wodziwa kuwerenga ndi kuganiza m'chinenero chake amasamutsira luso limenelo m'chinenero chachiwiri. Apa ndi pamene pagona nkhani ya Sitandade 5. Mphunzitsi wa kalasi imeneyi ndi mlatho. Ngati iye mwini ali ndi Chingerezi chochezera chokha, amalemba manotsi pabolodi kuchokera m'buku, ana amakopera ndi kuloweza, ndipo onse amabwerera kunyumba atanamizana kuti aphunzira.

Ndipo chodabwitsa, mphunzitsi wabwino wa Chingerezi ndi amene amadziwa bwino Chichewa. Iye amadziwa kuti Chichewa chili ndi mavawelo asanu pamene Chingerezi chili ndi oposa khumi, choncho mwana samva kusiyana kwa ship ndi sheep mpaka khutu lake litaphunzitsidwa. Amadziwa kuti mawu a Chichewa amathera ndi vawelo, ndicho chifukwa chake mwana amawonjezera liwu kumapeto kwa mawu a Chingerezi. Amadziwa kuti l ndi r m'Chichewa sizisintha tanthauzo la mawu, pamene m'Chingerezi pray ndi play ndi tchalitchi ndi bwalo la mpira. Amadziwa kuti mlowam'malo wakuti iye amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, tsono mwana akasokoneza he ndi she si kupusa ayi, akutsata lamulo la chinenero chake. Mphunzitsi wotere sakwapula mwana chifukwa cha zolakwa zimenezi. Amaziyembekezera, ndipo amakhala atakonza kale mankhwala ake. Mzungu wobwera dzulo sangachite zimenezi. Kamuzu Academy itatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981 inadalira aphunzitsi ochokera kunja, ndipo inatulutsa ana olankhula Chingerezi chapamwamba, koma inali sukulu imodzi ya ana osankhika mazana ochepa. Ana mamiliyoni a m'sukulu za boma adzaphunzitsidwa ndi Amalawi anzawo, ndipo palibe ndege imene idzabweretse ena.

Makolo nawonso achenjere. M'makwalala a Chilobwe, Zingwangwa ndi Bangwe mwadzaza timasukulu ta mkaka tolemba pachipupa kuti pano ndi Chingerezi chokhachokha. Mayi wogulitsa tomato amadzimana kuti alipire, ndipo mtima wake umasangalala mwana akabwera akutchula masiku a pasabata ndi kuyimba tinyimbo ta Chingerezi. Zina mwa sukulu zimenezi zikugwira ntchito yabwino. Koma mayiyo ali ndi ufulu wofunsa kuti amene akuphunzitsa mwana wake anaphunzira kuti, ndipo amutengere mwanayo buku limene sanalionepo, aone ngati angawerenge ndi kufotokoza m'Chichewa zimene wawerenga. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Kupinda lilime ngati wa pa wailesi ya BBC si kudziwa Chingerezi.

Ena adzati dziko likusowa aphunzitsi, tsono kukhwimitsa zinthu pakhomo la koleji ndi kusiya ana opanda wowaphunzitsa. Mawu amenewa ndi omwe ananenedwa mu 1994, ndipo zipatso zake zaoneka. Sikuti ofooka apirikitsidwe, asulidwe. Unduna wa Maphunziro uyese aliyense wolowa m'koleji polankhula ndi polemba, osadalira giredi ya MSCE yokha, imene ena anaipeza poloweza mayankho. Kuyambira 2005 maphunziro a IPTE anaikidwa kukhala a zaka ziwiri, gawo lina ku koleji, gawo lina m'kalasi. Nthawi imeneyi ndi yochepa, choncho miyezi yoyambirira iperekedwe ku Chingerezi cha wophunzirayo mwini: awerenge mabuku athunthu, a Legson Kayira, a David Rubadiri, a Chinua Achebe ndi ena, alembe chimangirizo sabata iliyonse ndipo chichongedwe, ayime pamaso pa anzake ndi kufotokoza phunziro la sayansi m'Chichewa kenaka m'Chingerezi. Laibulale ya koleji ikhale yotsegula mpaka usiku, ndipo mukhale mabuku. Amene walephera mayeso a Chingerezi potuluka abwereze teremu ina asanapatsidwe kalasi ya Sitandade 5.