Kodi Tifese Azitona m'Nazale Yathu?

Bwana Mkonzi, ndiloleni ndiikepo mawu anga pa nkhani imene yautsa mkangano m'kalabu yathu ya zaulimi chiyambire teremu ino. Anzathu ena akuti tipatule theka la nazale ndi kufesamo njere za azitona, kuti m'tsogolo sukulu izidzagulitsa mafuta. Iwo anaona mtengo wa kabotolo kamodzi ka mafutawo m'sitolo ya m'tauni, ndipo kuyambira tsiku limenelo sagona tulo. Ine ndikukana, ndipo ndikukana monga munthu amene anayesapo.

Chaka chatha amalume anabwera kuchokera ku Johannesburg ndi botolo la zipatso za azitona zoviikidwa m'madzi amchere. Kunena zoona sizinandikomere konse. Koma popeza dzina la mtengowu ndakhala ndikulimva m'tchalitchi kuyambira ubwana wanga, ndinasunga njere 12 ndi kuzifesa m'zitini kuseri kwa khitchini. Ndinathirira miyezi isanu, mlongo wanga akundifunsa m'mawa uliwonse ngati mafuta ayamba kutuluka. Chimene chinamera ndi bonongwe basi. Pambuyo pake aphunzitsi athu a zaulimi anandiuza kuti ndinali kuthirira maliro. Chipatsochi chimawawa kwambiri chikangothyoledwa, tsono amachisunga mumchere nthawi yaitali, ndipo zambiri amazitenthetsanso potseka mabotolo. Njere yotere siimera.

Tsono tiyerekeze kuti tapeza zipatso zakupsa, zongothyoledwa kumene. Ntchito ikadalipo. Tiyenera kuchotsa mnofu wonse, kuswa pang'ono chigoba chake cholimba osapweteka kanjere ka m'kati, kuviika m'madzi, ndi kufesa m'dothi la mchenga losasunga madzi. Zina zidzamera patapita miyezi, zambiri sizidzamera. Ndipo imene yamera ikhoza kutha zaka khumi kapena kupitirira isanaonetse duwa. Ife a Fomu 3 tidzakhala tili ndi ana athu!

Choipa kwambiri n'chakuti mwana safanana ndi make. Tonse tidziwa za mapeyala: ukabzala njere ya peyala lokoma, sudziwa chimene udzakolola. Azitona ndi chimodzimodzi. Mtengo wochokera ku njere kawirikawiri umabala tizipatso tating'ono ta mnofu wochepa. N'chifukwa chake alimi a ku Spain, dziko limene limaposa onse pa mafuta amenewa, ndi a ku Italy, Greece ndi Tunisia, amadula nthambi za mtengo wabwino ndi kuzimeretsa mizu, kapena amamezanitsa. Ngati eni ake a mtengowo satero, ife tidzapambana bwanji?

Palinso nkhani ya nyengo. Kwawo kwa azitona, m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, mvula imagwa m'nyengo yozizira, ndipo nyengo yotentha imakhala youma. Kuno n'zotembenuka: mvula yathu imagwa kukutentha, kuyambira Novembala kufikira Epulo. Mtengowu umafunanso kuzizidwa masabata angapo kuti uchite maluwa. Mwina kumapiri ngati ku Dedza chisanu cha Juni ndi Julayi chingauthandize, koma pano pathu ndikukayika. Ngakhale ku South Africa minda yambiri ya azitona ili ku Western Cape, kumene mvula imagwa m'nyengo yozizira.

Musaganize kuti ndimadana nawo mtengowu ayi. Ndimaulemekeza. M'chaka cha 2012 akatswiri a ku Italy analengeza kuti mitengo itatu ya m'munda wa Getsemane ku Yerusalemu ili ndi zaka pafupifupi 900, ndipo mitengo ya m'mundamo ikubalabe. Ndani sangakonde kubzala chinthu chotere? Chotero wina akapeza njere zamoyo, tifese m'zitini zitatu kapena zinayi, tiziike pa windo la labotale, tizilemba m'buku tsiku limene zamera. Ine ndidzakhala woyamba kutunga madzi.

Koma theka la nazale, iyayi. Machubu tili nawo ochepa, ndipo madzi timachita kusenza kuchokera ku mjigo. Malo amenewo akhale a mango ndi mapeyala omezanitsa, amene amayamba kubala patapita zaka zitatu kapena zinayi, ndipo makolo amabwera okha kudzagula mbande zake. Pa msonkhano wa kalabu Lachisanu likudzali ndidzabwera nazo zitini zanga 12 zija, kuti aliyense aone yekha tisanakweze manja.